Tsiku limene ndinameta mpala ngati arahati

Ndikukumbukira fulati ya anansi athu ku Al Aziziya, kudziko la Aluya kumene tinkakhala, khomo loyang'anana ndi lathu, mmene munkanunkhira lubani ndi kokonati wokazinga. Anali anthu a ku Sri Lanka, ndipo mwana wawo Nimali tinali kalasi imodzi, giredi sikisi. Amayi anga anali nesi, ndiye akakhala pa shifiti ine ndinkawadikirira kumeneko. Pakhoma panali chithunzi cha anthu ometa mpala, ofunda nsalu zachikasu, atakhala pansi mozungulira Buddha. Mayi ake a Nimali anandiuza kuti amenewo ndi maarahati, ophunzira a Buddha amene anafika kumapeto kwa ulendo. Mkwiyo unawathera, kusirira kunawathera, ngakhale uwatukwane mumtima mwawo mumangokhala phee. Anati ena mwa iwo anali akazi.

Mawu amenewa anandilowa, chifukwa kusukulu ndinali pamoto, ndipo nkhani yake inali tsitsi langa. Atsikana a m'kalasi ankaligwiragwira ngati akusankha tomato pamsika, wina n'kusomekamo pensulo kuti aone ngati igwe. Ankanditcha siponji yotsukira mbale. Aphunzitsi ankangoti "khalas, khalas", kutanthauza kuti basi zatha, maso ali pa foni. Ndikawauza amayi, ankayankha nsapato zili m'manja, atatoperatu: "Ingowasiya, iwe unabwerera sukulu." Zinkandiwawa.

Ndiye ndinaganiza nzeru zachibwana. Anthu a pachithunzi aja sapwetekedwa mtima, komanso alibe tsitsi, basi chinsinsi n'chimenecho. Lachinayi masana ndinatenga makina ometera a bambo n'kudzitsekera kubafa. Nditamaliza, mphepo ya eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba, inandizizira pamalo pamene mphepo inali isanafikepo chibadwire. Koma pagalasi sindinaonepo arahati ayi. Ndinaona mbatata yosendedwa ndi munthu amene akuthamangira basi.

Amayi atafika anandiyang'ana kumutu, n'kupita kukafunafuna duku. M'mawa mwake, Lachisanu, anangondimanga duku, poti linali tsiku la mapemphero a Amalawi, kenako kukadyera limodzi ku Corniche, malo ochezera a m'mbali mwa nyanja. Kumeneko mphepo ya kunyanja sinandisungire chinsinsi, duku lija linauluka. Mayi Chikopa, amene ankatsogolera azimayi pa mapemphero athu, anaika pansi mbale ya mpunga n'kuyamba kulira maliro pomwepo. Kwathu mtsikana wa tsitsi lake sangometa chotero popanda zovuta, ndiye iwo anatsimikiza kuti agogo atisiya ku Ntcheu ndipo ife tabisa. Azimayi ena analowerera kulirako osafunsa n'komwe kuti wamwalira ndani. Azungu othamanga m'mbali mwa nyanja anaima n'kumationerera.

Nditafotokoza za maarahati, misozi yonse ija inauma nthawi yomweyo, maliro n'kusanduka mlandu wa mafano. Anandizungulira, manja onunkha nkhuku yokazinga ali pa mpala wanga, eti akutulutsa mzimu wa ku India. Za Sri Lanka analibe nazo ntchito, kwa iwo konseko kunali ku India basi. Mayi Chikopa ndi amene ankafuula kuposa onse, wigi yawo ikugwedezeka, wigi yomweyo imene ankatinyadira nayo kuti ndi tsitsi lenileni la ku India. Mzimu wa m'tsitsi lawo palibe anautulutsa. Ndipo pa onse opempherawo panalibe ngakhale mmodzi amene anandifunsa chimene ndinametera.

Amayi ndi amene anafunsa, tili m'galimoto pobwerera. "Mwanawe, n'chiyani kwenikweni?" Ndinati, "Ndimafuna ndisamamve kuwawa akamandiseka, amayi." Ndinaona mmene anagwirira chiwongolero mpaka kunyumba.

Lamlungu, poti kumeneko sukulu imayamba Lamlungu, anapita nane ali mu yunifomu yawo ya kuchipatala. Analowa mu ofesi ya ahedi osagogoda, n'kundivula duku pamaso pawo. Anayamba m'Chingerezi chaulemu, chitawachepera analowa Chichewa, cha ku Ntcheu chenicheni, chala chili m'mwamba. Ahedi sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma anamvetsa zonse. Makolo a atsikana aja anaitanidwa, ndipo kuyambira pamenepo palibe chala chinafikanso pamutu panga.

Masiku ano mpala ndi fasho, ndipo ena mwa atsikana aja ndimawaona pa intaneti ataluka malukidwe athu omwe, akuti akulemekeza chikhalidwe. Kaya. Maarahati ndimawalemekezabe, ndikaona chithunzi chawo ndimaima kaye, ndipo mwina n'zoona kuti munthu angafike posakwiya. Ine sindinafikepo, komanso sindikufulumira. Mwana wanga akabwera kuchokera kusukulu ali ndwii, asanamalize kufotokoza ndimakhala nditatenga kale makiyi a galimoto.