Ndiwo za wamwano

Achemwali anga anamwalira tisakulankhulana. Ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa abale akamakamba za maliro aja amazidumpha, koma ine sindingathe.

Tinakangana kunyumba kwawo ku Rockingham, kuno kudziko la azungu, Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi. Mwana wanga wamkazi anawayankha m'Chingerezi, iwo n'kuyamba zawo zija, zoti ndikulera azungu, ana osadziwa n'kugwada komwe. Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinati, "Berekani anu muwalere bwino." Achemwali analibe mwana, ndipo misozi imene anakhetsa pa nkhani imeneyo ndinkaidziwa bwino lomwe. Anangotola mbale n'kupita nazo kusinki.

Panapita miyezi inayi. Ndinkadziuza kuti ndi mashifiti a kuntchito, kuti kuchoka kwathu ku Morley kukafika ku Rockingham ndi ulendo. Bodza lokhalokha, anali manyazi. Kenako anagwa ali kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, ndipo masiku atatu amene anagona m'chipatala sanatsegule maso. Ndinapepesa ndili pambali pa bedi, koma kupepesa munthu amene sakukumva sikutula kanthu pamtima. Funso langa linali limodzi, kuti kodi apita atandikwiyirabe?

Titabwerako koika maliro kumudzi, eni nyumba imene achemwali ankachita lendi anafuna makiyi awo. Ndinapita kukalongedza ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu, mnzawo wapamtima wa achemwali. Amayi athu anali pafoni ya vidiyo, akugawa zovala ali ku Dedza ngati ali m'chipinda momwemo. "Chitenje icho n'cha azakhali ako. Nsapatozo usapatse mlamu wako, mapazi ake ndi aakulu." Mpaka tinaseka. Zovala sizinandivute, chilichonse chinapeza mwini wake.

Ndili mkati mopinda majuzi ndinalimba mtima. "Mayi, achemwali anakuuzaniko chilichonse chokhudza ine?"

"Ayi mwanawe, sanakutchulepo," anatero. Ndinalakalaka akanandinamiza.

Chomaliza chinali firiza ya m'galaja. Achemwali ankalima kuseri kwa nyumba, mumchenga wa kuno umene ena tonse unatigonjetsa, ndipo kale ndinkati ndikapitako ndinkabwerako ndi nkhwani wotendera wophikaphika. Nditatsegula firizayo ndinapeza makontena a ayisikilimu asanu ndi atatu odzaza nkhwani wotendera, osanjikiza bwinobwino. Lililonse linali ndi kapepala komata, atalembapo tsiku limene anaphika, ndipo pansi pake mawu amodzi: Wamwano. Masiku onsewo anali a pambuyo pa mkangano uja.

Mayi aja anasuzumira, n'kupukusa mutu. "Ena amati zophika za malemu n'zotaya," anatero. "Koma izi si za malemu ayi. Zalembedwa dzina lako."

Makontenawo ndinawanyamula m'mathaulo kuti asasungunuke panjira. Kunyumba ndinawasanja motsata masiku, n'kutenthetsa loyamba, limene anaphika patangotha sabata imodzi chikanganirane. Nthongo yoyamba yomwe, moto! Achemwali ankadziwa chiyambire ubwana wathu kuti ine ndi tsabola sitimwerana madzi, ndiye mmenemo anathiramo kambuzi ngati akuthamangitsa njoka. Ndinatsokomola, mamina chuchuchu, ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi. Amuna anga anati, "Tangotaya zimenezo, ukudzizunziranji?" Ndinakana. Munthu wandikalipira, ndiyenera kumva mpaka amalize. Ndinadya zonse, madzi ndikumwa ngati ng'ombe.

Ndinaganiza zoti ndizidya kontena limodzi pa sabata. Lachiwiri linali loyabwa chimodzimodzi, lachitatunso. Ndinayamba kuopa kuti yankho langa ndi lomweli, kuti mpaka kumapeto ndi moto wokhawokha. Koma lachinayi ndinalimaliza ndi kapu imodzi yokha ya madzi. Ndinadzikayikira, mwina lilime langozolowera. Ndinawapatsa amuna anga kuti alaweko, iwo amene tsabola amamukonda. Anatafuna n'kunena kuti, "Umu ndiye angonunkhiritsamo." Lachisanu ndi chimodzi anadya ndi ana omwe.

Lomaliza ndinakhala nalo mwezi wathunthu osalikhudza. Tsiku lolembedwapo linali la sabata yomwe anagwa ija. Ndinkatsegula firiji kufuna nyama, n'kuliona, n'kutsekanso. Ndinkadziwa kuti ndikalidya, padziko pano sipadzakhalanso chakudya chophikidwa ndi manja awo. Komanso, ndinene zoona, ndinkaopa kuti mwina tsiku limenelo anakumbukiranso mawu anga aja, mkwiyo n'kubwerera.

Ndinalitenthetsa masana ena nditaweruka shifiti ya m'mawa, ana ali kusukulu, m'nyumba muli zii. Ndinakhala pansi pakhitchini, miyendo tambalale, mmene tinkakhalira kwathu. Nsinjiro anathira zambiri, nkhwani wofewa, mchere wa pakatikati. Ndinatafuna pang'onopang'ono, ndikufufuza ndi lilime mbali zonse, kudikira kuti kuyabwa kuyambe. Ndinadya mpaka kupukuta kontena ndi chala. Munalibe tsabola ngakhale pang'ono.