Wotchi ya Nthawi ya ku Karonga

Lughano, nesi wochokera ku Karonga wogwira ntchito ku Leeds, ku Mangalande, amayenda ndi wotchi ya malemu bambo ake, yopangidwa ndi kampani yakalekale imene opanga mawotchi amaberabe nzeru zake mpaka lero. Wotchiyo sinanamepo. Koma Lughano anakaniratu kuisintha: imayendera nthawi ya ku Karonga, kuti azidziwa pamene mayi ake akudzuka. Pa ntchito amangochotsera ola limodzi m'mutu.

Lamulungu lina mu Okutobala, azungu anabweza mawotchi awo ndi ola limodzi monga amachitira chaka ndi chaka, kusiyana kunakhala maola awiri. Iye osakumbukira. M'mawa umenewo anapereka mankhwala kwa odwala asanu ndi anayi nthawi yake isanakwane, akuchotsera ola lake limodzi lomwe lija.

Masana sisitala wamkulu anamuitanira mu ofesi, natseka chitseko pang'onopang'ono.

“Khalani pansi, Lughano. Tandionetsani wotchi yanuyo.”