Njinga yanu ikadali m'chigafa

Abambo a Tadala, lero pa Madisi padutsa njinga yamoto yakalekale, yolira ngati yanu yofiira ija. Ndinangoti kakasi pakati pa msika, tomato ali m'manja, kudikira kuti mutsike.

Mukukumbuka tsiku lija inatizimira pachitunda popita ku Ntchisi, ine ndili ndi mimba ya Tadala? Munandisiya pampando n'kumakankha nokha, thukuta lili kamukamu, mukuti, "Musatsike amayi, awirinu ndikukwanitsani." Njingayo ikadali m'chigafa momwe munaisiyira zaka zitatu zapitazo. Amakaniko ayesa, onse akuti zipangizo zake zinasiya kupezeka. Mwana wanu akuti tiigulitse kwa ogula zitsulo. Ine ndikungoisungabe, ndipo dzimbiri likungoidya ndikuona.