Mbuzi ya pa Kamlatho ka Nasolo

Bambo anga anali telala pakhonde la sitolo ina ku Ndirande. Chingerezi chawo anachitola pa wailesi, ndipo ankachisunga ngati suti ya kutchalitchi, chotulutsa pa tsiku lake.

Tsiku lina tikuchokera kumsika, tinapeza munthu akukoka mbuzi kupita nayo kokapha. Pa kamlatho ka Nasolo mbuzi ija inakanirira, ziboda zili m'dothi, mwini wake thukuta kamukamu. Bambo anaseka. "Waiona? Azungu amati dig in your heels, kuzika zidendene pansi. Sumenya munthu, sutukwana, koma susuntha." Ndinangoti ndi nthabwala zawo. Masiku amenewo mawu oti "ayi" sankamveka pagulu. Akati gulani khadi la chipani, unkagula.

Nditakhoza mayeso a Sitandade 8, amalume anabwera kuchokera ku Mulanje kudzanditenga. Anali atandipezera mwamuna, kapitawo wa kuesiteti ya tiyi. Kwathu mwini ana ndi malume, bambo alibe mawu. "Alamu, munabereka, tathokoza," anatero amalume, "koma mwanayu ndi wathu." Amayi anangowerama. Bambo anapitiriza kupalasa makina awo, ndipo ndinawakwiyira kwambiri.

M'mawa bambo anatiperekeza kusiteji ya basi. Pondipatsa kachikwama kanga, anandiyang'ana nanena modekha ngati akutsanzika: "Dig in your heels, mwana wanga."

Ndinakhala pansi, m'fumbi momwemo, ndi diresi langa labwino. Amalume anandinyengerera, anandiopseza, kenako anayamba kundikoka dzanja, ine osasuntha. Azimayi ogulitsa mandasi anatizungulira, wina nafunsa ngati mwanayo wabedwa. Basi inatisiya. Manyazi atawagwira, amalume anatembenukira kwa bambo. "Ndi inu mwamuuza, ndi Chizungu chanucho. Kwathu musadzapondeko."

Ndinapita kusekondale, kenako ndinakhala namwino. Mbuzi ija ndikhulupirira anaipha ndithu, koma ine ndinapulumuka, ndipo bambo ndimawathokoza mpaka lero.

Mtengo umene bambo analipira ndinauona patapita zaka, amayi atamwalira. Maliro ankapita ku Mulanje, ndipo mawu a amalume anali asanafafanizidwe. Tonse tinakwera lole. Bambo anatsala pasiteji yomwe ija, chipewa chili m'manja. Nditafuna kutsika, anapukusa mutu.

"Pita ukawaike amayi ako," anatero. "Lero si tsiku lokanirira."