Ndafufuta wifi tsiku la maliro

Moni nonse kumudziko. Lero Lachisanu ndinadzuka wosangalala poti kulibe sukulu, koma zandivuta.

Intaneti kuno ku Najma, dera lomwe tikukhala kudziko la Aluya, imadukaduka chim'mawire, pomwe Anti Tembo a ku Chipata, omwe timakhala nawo nyumba imodzi, amafuna kuonera pafoni maliro a bambo awo.

Ndinayesa kulowa m'masetingi a modemu, kabokosi kolandira waya wakukhoma. Ndikalemba nambala yake pa laputopu, limatseguka tsamba la rauta, kabokosi kogawa wifi. Nditaimbira kampani, anati, "Dina kabatani kakumbuyo kwa bokosi." Sindinafunse kuti bokosi liti. Ndinadina ka rauta ndi chotokosera mano, masetingi onse n'kufufutika, wifi n'kuzimiratu.

Nditaimbanso, anangoti, "Bukra, inshallah," kutanthauza mawa.

Pomwe amayi anga amafika ndi foni yawo ya data, thupi linali litaikidwa kale. Anti sanakalipe. Anavula duku lawo lakuda, n'kulipinda bwinobwino, n'kunena kuti, "Umathandiza, mwanawe."

Amalume a Yohane, inu odziwa zamakompyuta, ndikalumikiza laputopu ku modemu osadzera pa rauta, ndingalowe m'masetingi ake? Mawa ndiyesa. Koma ndiyamba ndakhala pansi m'chipinda mwa Anti, monga timachitira pasiwa.