Nodi Yopanda Dzina

Ndinatsimikiza zochoka ku Kabwe ndili m'kashopu ka mafoni pafupi ndi msika, ndikumata galasi pafoni ya munthu amene ankandiitana kuti "ka sisi ka makompyuta." Zaka zinayi ndikuphunzira kulemba mapulogalamu, mapeto ake n'kumamata magalasi! Awe, ndinatopa nazo. Kampani ina ya ku Joni yonyamula katundu pamalole itandilembera kuti ikufuna munthu wolemba khodi, sindinafunse kawiri. Koma sindinauze amama. Ndinakwera minibasi ya ku Chowa kukauza amalume a Lackson, chifukwa kwathu zinthu zimayenda choncho.

Amalumewa anali mlongo wawo wa amama, wopuma ntchito ya njanji, ndipo ndiwo anali mwini mbumba kuyambira pamene agogo, amene anachoka ku Katete kudzagwira pamgodi, anamwalira. Zamacheza aliyense ankaimbira mnzake. Koma nkhani yolemera, kaya ukwati, matenda aakulu kapena maliro, inkayamba yafika kwa iwo, n'kuipereka okha kwa oyenera kuimva. Mwana sankauza wamkulu zotere, ndipo amama sankauza mwana wawo okha. Tsikulo anakwera njinga yawo kupita kwa amama ku Makandanyama, ine ndikudikira pakhonde pawo. Atabwera anangoti, "Akuti pita, Tisa, koma uzimveka."

Ku Joni ndinkakhala m'kachipinda kozizira pamwamba pa shopu ya matayala. Kuntchito ndinkalankhula Chingerezi tsiku lonse, kunyumba osalankhula ndi munthu. Masiku ena ndinkapatsa moni ketulo kuti ndingomva Chinyanja m'kamwa mwanga. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama, Lamlungu likafika amama ankaimba akatuluka ku misa. Kulemba mesiji sankadziwa, ankati zilembo za pafoni n'zazing'ono ngati nyerere. Koma pakamwa, mwandi, ankatha kukuuza za kwaya yonse, amene wasemphana ndi mnzake, amene wanenepa, mpaka batire kutha.

Chaka chachiwiri amalume anamwalira. Palibe anandiimbira. Ndinaona chithunzi chawo chimene msuweni wina anaika pafoni, chili ndi kamtanda pakona. Ndinayenera kudabwa pomwepo, koma chisoni chinandiphimba. Mapepala anga okhalira m'dzikomo anali asanatuluke, ndiye ndinatumiza ndalama ya bokosi, ineyo osapita. Mpaka lero zimandiwawa.

Patapita miyezi ingapo abwana anandipatsa ntchito yolemba gilafu. Si gilafu ija ya kusukulu yokwera ndi kutsika ayi. Iyi ndi njira yosungira zinthu m'kompyuta pamodzi ndi kulumikizana kwake. Chinthu chilichonse timachitcha nodi, ndipo kamzere kochoka pa nodi ina kuloza inzake timati eji. Nodi iliyonse imasunga mndandanda wa anzake amene imafikako. Abwana ankafuna gilafu yosasankha, yoti lero uikemo matauni ndi misewu, mawa madalaivala, mkuja nyumba zosungira katundu, khodi yake n'kukhala yomweyo. Ndinalemba mbali yowonjezera nodi, yolumikiza, yochotsa, ndi yofufuza njira yochoka pa nodi ina kukafika pa inzake.

Khodi umayenera kuiyesa. Anzanga ankayesera matauni, ine ndinati popeza chinthucho n'chosasankha, ndiikemo anthu a kwathu. Ndinalemba amama, mng'ono wanga Mwai amene ankakhala nawo, amama aakulu a ku Katete, asuweni, ineyo, onse khumi. Eji iliyonse ndinati izitanthauza amene angauze mnzake nkhani yolemera. Ndikuyang'ana bwino, ndinaona kuti amalume ndawalembamo, zala zinangolemba zokha. Mizere yonse inkathamangira kwa iwo n'kutulukanso kwa iwo. Ndinati chabwino, pomwepa ndiyesere kuchotsa. Ndinawachotsa, kenako n'kufunsa njira yochoka kwa amama kufika kwa Tisa.

Inandiyankha kuti njira ilipo. Inalemba dzina la amama, kamuvi, malo opanda kanthu, kamuvi kena, kenako dzina langa.

Ndinaiuza iwerenge anthu. Inati khumi. Ndinachotsanso, n'kuwerenga, inati asanu ndi anayi. Ndinafufuza njira, n'kuwerenganso, anabwerera khumi. Unali masana, ofesi yodzaza anthu, wina akutafuna tchipisi pambali panga. Ndinkayang'ana kamalo koyerako pakati pa amama ndi ine, ndipo ndinkamva ngati wina waima kumbuyo kwa mpando wanga akudikira kuti nditembenuke. Ine ndine wa mpingo, zamizimu sindizitsata, koma tsikulo sindinadye.

Thabo, mnzanga wa tebulo loyandikana, anasuzumira n'kuseka. Anati ndachotsa nodi koma ndasiya maeji a anthu ena akulozabe pamalo pake. Pofufuza njira, pulogalamu ikafika pamenepo n'kupeza palibe kanthu, imadzipangira nodi yatsopano yopanda dzina. Ndipo mndandanda wakale wa wochotsedwayo ndinali nditausiya m'malo ena, ndiye nodi yopanda dzinayo inkautolanso. Anati aliyense amalakwitsa pomwepo, ukachotsa chinthu uzizungulira kwa onse kufufuta mizere yoloza kwa icho. Ndinakonza, mizere isanu ndi umodzi ya khodi basi. Ndinafunsanso njira yochoka kwa amama kufika kwa ine.

Inati palibe njira.

Thabo anandiwomba paphewa kuti tsopano ikugwira bwino. Inedi ndinaona kuti ikugwira bwino, ndipo n'chimene chinandiopsa. Ndinayesa kuchoka kwa Mwai kufika kwa ine, palibe. Kuchoka kwa aliyense kufika kwa ine, palibe. Ndinatenga foni n'kuyamba kubwerera m'mbuyo m'mauthenga. Kodi mawu a amama ndinawamva liti komaliza? Ndinawerenga Malamlungu, n'kupeza kuti yakwana miyezi inayi. Ntchito inandimeza, osazindikira. M'malo mwa kuimba, nambala yawo inkanditumizira mesiji: "Tili bwino mwanawanga, ndalama tailandira, Mulungu akudalitse." Zolembedwa bwinobwino, mpumiro pamalo pake. Amama amene ankati zilembo ndi nyerere!

Ndinaimba pomwepo. Foni inalira mpaka kuduka. Kenako mesiji inabwera kuti ali kumsonkhano wa amayi a mpingo. Mawa lake ndinaimbanso, akuti netiweki. Ndinaimbira Mwai, anayankha mwachangu, mawu okwera kwambiri, akuti zonse zili che, amama angopita kumsika. Kumbuyo kwake kunali zii. Nyumba yathu sikhala zii, wailesi ya amama imayamba m'mawa. Ndinapereka gilafu kwa abwana, ndinapempha masiku, ndipo popeza mapepala aja anali atatuluka, ndinakwera basi osauza munthu aliyense.

Ndinafika ku Kabwe dzuwa lili pamutu. Tauni inali momwe ndinaisiyira, fumbi lomwelo, mabogi akale ataima panjanji, mulu wakuda wa pamgodi uli patali. Koma nditatsika minibasi ku Makandanyama ndinaona kuti anthu akundidziwa mwa mtundu wina. Amayi a pampopi anasiya kulankhula. Mmodzi, amene ankandiseka ndili mwana chifukwa cha miyendo yowonda, anandipatsa moni ndi manja awiri, maso pansi, n'kunena kuti ndachita bwino kubwera. Ndinamufunsa kuti kwagwanji. Anayang'ana mnzake, mnzakeyo n'kuyang'ana ndowa. Wogulitsa makala anavula chipewa ndikudutsa. Komboni yonse inkadziwa za amayi anga, ine ndekha ayi, ndipo palibe anatsegula pakamwa. Chikwama ndinkangochikoka.

Pabwalo panali posesedwa bwino, makatani otseka. Mwai anatuluka ndi beseni, atandiona beseni linagwa. Sanandithamangire. Anangopatuka pakhomo kuti ndilowe.

Amama anali pampando pafupi ndi zenera, atavala chitenje cha mpingo, tsitsi lolukidwa bwino. Anali moyo, ndipo ndinathokoza. Koma mbali imodzi ya nkhope yawo inali itagwa, dzanja lamanja lili pamiyendo ngati lachabe. Anandiyang'ana, anandidziwa, pakamwa panagwedezeka, koma panangotuluka mpweya. Ndinagwada n'kuika mutu pamaondo awo. Dzanja lamanzere linandisisita kumutu. Ndinalira kwambiri, kenako mkwiyo unandikwera.

Ndinamukokera Mwai kukhitchini. Anandiuza kuti amama anagwa akuchapa, mwezi wachitatu amalume ataikidwa, ndipo kuchipatala anati ndi sitiroko. Iye yekha ndiye ankawasambitsa, kuwadyetsa, kuwanyamula. Sukulu ya unamwino anaisiya. Mauthenga aja ankalemba ndi iye. Ndinamufunsa mokalipa kuti angandibisire bwanji chinthu chotere miyezi inayi, ine mwana woyamba.

"Ba Tisa, nikanayamba bwanji?" anatero. "Ine ndine mwana. Ninali kuyembekeza kuti wamkulu wina azakuuzani. Asuweni nawo anali kuyembekeza. Manje masiku anangopita."

Ndinamufunsa ngati palibe anasankhidwa kulowa m'malo mwa amalume. Anati pamaliro anagwirizana zodzakumana, koma woitanitsa msonkhano wotere anali amalume omwewo. Ndinamuyang'ana mng'ono wangayo, wowonda, m'manja mosweka ndi sopo, ndipo mkwiyo unandithera, n'kutsala manyazi. Ine amene ndinaona m'kompyuta kuti palibe njira, ndinafunika makina kuti andiuze kuti amayi anga asiya kulankhula.

Kenako Mwai ananena kuti amama aakulu a ku Katete nawonso sakudziwa. Mkulu wawo wa amama weniweni, bere limodzi, ankalandira mauthenga omwe aja. Mwai anatulutsa foni ya amama m'thumba la epuloni n'kundipatsa.

"Imwe ndimwe akulu manje. Auzeni."

Ndinati inde, zopusazi zithere pompano. Ndinabwerera pabalaza kuti amama aone kuti mwana wawo wabwera kudzakonza zinthu. Ndinakhala pambali pawo, n'kuimba. Ndinali nditakonza mawu onse m'mutu, achidule ndi oona.

Amama aakulu anayankha ndi chimwemwe, poona nambala ya mng'ono wawo. Atamva kuti ndine, anakuwa, anandifunsa za Joni, za kuzizira, ngati ndapeza mwamuna. Mawu awo anali ndendende a amama, kasekedwe komweko, mpaka amama pampandopo anatembenuza mutu kuyang'ana foni. Anandiuza kuti shuga wawavuta chaka chino, adokotala akuti asamadzidzimuke ndi zinthu. Kenako anati, "Nipatse Esitere, namusowa. Masiku ano angolemba ngati kalaliki."

Ndinatsegula pakamwa. Mwai anali ataima pakhomo la khitchini. Amama anandigwira pamkono ndi dzanja lawo labwino lija, anafinya, diso lawo lili pa ine, ndipo sindinadziwe ngati akuti nena kapena usanene.

"Ali bwino," ndinatero. "Angotulukako pang'ono."

Amama anandisiya mkono. Mwai anabwera n'kutenga foni m'manja mwanga, osandiyang'ana, n'kuibwezera m'thumba la epuloni.