Fodya wa Amake Joel

Abambo anga aakulu, a Simoni, anaphunzitsa ana a Sitandade 3 pafupifupi moyo wawo wonse m'masukulu a kuno ku Kabudula. Atapuma pantchito anayamba kulima mtedza. Akazi awo, a Febe, amene aliyense ankawatchula kuti amake Joel, atamwalira, anayamba kulemba buku la moyo wawo, ndi bolopeni, m'makope a ana asukulu.

Ine ndinali nditangobwera kuchokera ku Cape Town komwe ndinakulira, ndikuzungulirazungulira pamudzi ngati nkhuku yosowa poikira. Tsiku lina anandikodola.

"Triza, makina olembera aja unabwera nawo eti? Undithandize, zilembo zangazi osindikiza sangazione."

Ndinkatayipa pakhonde la golosale ya a Osmani, poti mpomwe pali sola yotchajira laputopu. Nditamaliza ndinawauza zomwe ndinkadziwa: aliike kaye pambali bukulo, kenako aliwerengenso paokha, achotse zosafunika. Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti akadyere kuchipinda nkhuku ya alendo.

"Pandekha? Nanga anthu ali m'menemowo? Kulemba munthu iye osamva ndi miseche, mwanawe. Umapita kukamuwerengera."

Tinayamba kuyenda pa njinga, iwo akupalasa, ine pakaliyala nditakumbatira chikwama. Aliyense wotchulidwa m'bukumo ankayalirana nafe mphasa n'kumvetsera mutu wake, ndipo aliyense ankadulapo kake. A Nowa, mnzawo wa m'kwaya, anachotsetsa zoti anathamangitsidwa ndi nkhumba atavala suti ya ukwati. A Osmani anangopempha kuti paliponse pamene palembedwa "kagolosale" pakhale "shopu". Buku linkaonda ndikuona.

"Bambo, bukuli ndi lanu," ndinadandaula. "Kunja wolemba sapempha chilolezo kwa munthu."

"Moyowu ndi wangadi," anatero, "koma anthuwa ndinangobwereka."

Chimene chinkandidetsa nkhawa chinali mutu wa amayi aakulu, womwe unali wokoma kuposa yonse. Munali zoti ankabisa fodya wamphuno m'kabotolo, m'thumba la bulauzi yoyera ya Mvano, ndipo tsiku lina anayetsemula pakati pa pemphero mpaka abusa anaiwala pomwe anafika. Munali za venda wa mtedza wa sikelo yokhota amene anamuthamangitsa ndi mpini mpaka kumsewu. Munalinso za chaka chimene abambo anatupa mwendo: a Febe anawakweza pakaliyala, n'kupalasa okha mpaka kuchipatala, amuna a m'njira akuseka, iwo akulalatira amuna awo ulendo wonse chifukwa chobisa bala.

Womwalira sungamuwerengere. Koma abambo anakhala zaka zonsezo pachikamwini, kwawo kwa mkazi, ndipo kwa iwo nkhani ya a Febe inali ndi mwini wake: mlongo wawo, a Gideoni, mwinimbumba, amenenso ndi mkulu wa mpingo kufupi ndi Nsaru. Atatsala pang'ono kupita kumeneko, abambo anatenga kope lija n'kuyamba kukhwatcha. Fodya anapita. Mpini unapita. Njinga inapita. M'malo mwake analemba kuti malemu anali mayi wofatsa, woopa Mulungu, wokonda alendo.

"Mwawaphanso kachiwiri," ndinatero, ndipo ndinadziluma lilime mawu atatuluka kale.

Sanakalipe. Anangovula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. "Anthu aja anandipatsa mlongo wawo, anandipatsa munda. Ndikawavule pagulu ndi fodya?"

Tinawapeza a Gideoni m'mawa ali m'chigafa, akusoka fodya wawo wa bale. Atatha malonje anakhala pa mtondo wogwetsa, n'kuuza alamu awo kuti ayambe. Abambo anaimirira ngati ali m'kalasi, nawerenga mutu wokonzedwa uja mpaka kumapeto. A Gideoni anayang'ana zala zawo zakuda ndi utomoni wa fodya.

"Alamu," anatero potsiriza, "kodi munali ndi mkazi wina kumbali?"

"Aa, alamu! Mukutanthauza chiyani?"

"Ndiye wofatsayu ndani? Ine mlongo wanga ndinakula naye, chipsera ichi pachipumipa ndi chake. Zomwe mwawerengazi tinamva kale pamaliro, ananena abusa, ndipo tinawakhululukira poti ndi ntchito yawo. Inuyo mwagona naye nyumba imodzi mpaka imvi, n'kubwera ndi zimenezi? Fodya uja ali kuti?"

Abambo anayang'ana kwa ine ngati ndine ndawaulula. Ndinapukusa mutu.

"Ndimaopa kuchititsa manyazi mbumba yanu," anayankha motsitsa mawu, "inu pokhala mkulu wa mpingo."

A Gideoni anaseka mpaka kutsokomola. "Masamba ake ankachokera m'chigafa cha yani? Ankabwera muno, kusankha yekha abwino okhaokha, n'kundinyoza kuti sindidziwa kuyanika! Adzukulu akadzawerenga zanuzi adzayesa agogo awo anali chithunzi cha pakalendala. Bwezerani munthu wathu, alamu."

Abambo anapisa m'chikwama n'kutulutsa kope lokhwatchakhwatcha lija. Mizere ya bolopeni inali yopyapyala, mawu ankaonekabe pansi pake. Anakhala pansi tsopano, nayamba kuwerenga. Pa kuyetsemula paja akazi a a Gideoni, amene ankamvera ali pakhomo la khitchini, anawomba m'manja. Pa venda paja a Gideoni anakonza: sanali mpini wa khasu, unali wa nkhwangwa, ndipo vendayo anasiya patapata mmodzi. Abambo analemba zimenezo m'mbali mwa tsamba. Atafika pa njinga anasiya kuwerenga n'kuvula magalasi. Palibe anawafulumizitsa. A Gideoni anatola singano yawo n'kupitiriza kusoka fodya mpaka alamu awo atapezanso mpweya.

Mutu umenewo ndi wokhawo m'buku lonse umene unabwerako utanenepa.

Potsanzikana a Gideoni anatiperekeza mpaka pamsewu wafumbi. Abambo anagwira njinga, kenako anaima, n'kundipatsa.

"Palasa ndiwe, Triza. Ine ndikhala kumbuyo."

Sindinazolowere kunyamula munthu, ndipo njinga inkapita uku ndi uku mumchenga. Anyamata a kabaza pamphambano anatikuwiza. Abambo anagwiritsa chikwama cha makope pachifuwa, osatsika.

"Ukupalasa bwino," anatero titadutsa mlatho, "koma uli chete kwambiri. Amayi ako aakulu pofika pano anali atanditukwana kale mpaka kwa agogo anga."